Purosesa ikutentha kuposa kale nditasintha thermal paste, ndalakwitsa pati?

Njenjete walemba:

Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Kompyuta yanga ndi ya pa desiki, purosesa ndi Ryzen 5 3600, heat sink (chitsulo choziziritsa purosesa) ndi yomwe ija imabwera m'bokosi limodzi ndi purosesayo, Wraith Stealth. Yatha zaka zinayi osatsegulidwa. Poona kuti ikamatulutsa vidiyo imafika madigiri 88, ndinati ndisinthe thermal paste, phala lija lopaka pakati pa purosesa ndi heat sink. Ndinamasula heat sink, kupukuta paste yakaleyo ndi tishu, n'kupaka yatsopano yambiri ndithu, pafupifupi theka la kachubu ka magalamu 4, poganiza kuti ikachuluka iziziritsa kwambiri.

M'malo mwake zaipiratu. Kompyuta ikangokhala osachita kanthu, pulogalamu yoonera kutentha ya HWiNFO ikuonetsa madigiri 62 mpaka 68. Ndikayambitsa ntchito yolemera ikumalumpha kufika pa 95 masekondi khumi asanakwane, n'kukhazikika pomwepo. Fani ikusokosa osapuma, liwiro la purosesa likutsika pansi pa 3.6 GHz, ndipo vidiyo yomwe inkatha m'mphindi 20 ikutenga pafupifupi 30.

Kodi ndachulutsa paste, kapena ndinagula yosathandiza? Ndigule liquid metal, chitsulo chamadzimadzi chija chopaka m'malo mwa paste? Ndiye pali ena akuti mankhwala otsukira mano amagwiranso ntchito yomweyi, n'zoona zimenezi?

Mkonzi wa Mabolodi wayankha:

Achimwene, musagule kanthu kaye. Mawu ofunika kwambiri m'funso lanu ndi akuti masekondi khumi asanakwane. Heat sink ndi chitsulo cha aluminiyamu cholemerako ndithu, ndipo kuti chitenthe chonse pamapita mphindi zingapo. Ikagona bwino pa purosesa, kutentha kumadumpha pang'ono poyamba, kenako n'kumakwera pang'onopang'ono. Kukamathamangira ku 95 nthawi yomweyo, ndiye kuti kutenthako sikukuwoloka, kwatsakamira pakati pa purosesa ndi heat sink. Yesani izi: ntchito yolemera ili mkati, khudzani m'mbali mwa heat sink ndi chala, mosamala fani ingakutemeni. Chitsulocho chikakhala chozizira kapena chofunda pang'ono pomwe purosesa ikuti 95, vuto ndi kagonedwe kake. Chikakhala kuti chikuotcha, ndiye kuti kutentha kukufika koma palibe mphepo yokuchotsa, pamenepo tiyang'ane fumbi ndi mafani.

Tsopano za paste. Anthu ambiri amaiyesa mankhwala oziziritsa, pomwe siiziziritsa kanthu. Pamwamba pa purosesa pali chivundikiro cha mkuwa wokutidwa ndi nickel, chomwe amati IHS, ndipo pansi pa heat sink pali chitsulo chosalala. Ndi maso zonsezi zimaoneka see, koma zili ndi timizere ndi timaenje tosaoneka. Mukazigunditsa zimakhudzana malo ochepa okha, kwinako mumatsala mpweya. Mpweya ndiye mdani: umadutsitsa kutentha pa mlingo wa 0.026 W/mK basi, pomwe mkuwa uli pafupifupi 400, aluminiyamu kupitirira 200, ndipo paste wamba, malinga ndi zolembedwa pamachubu, imakhala pakati pa 3 ndi 12. Ndiye kuti paste imaposa mpweya kopitirira ka 100, koma poyerekeza ndi chitsulo ndi yachabechabe. Ntchito yake ndi kuthamangitsa mpweya m'timaenjemo. Paliponse pamene yachindikala kuposa pamenepo yasanduka bulangete.

Tiwerengere limodzi kuti muone. Ryzen 5 3600 amailemba kuti ndi ya mawati 65, koma ikamagwira ntchito imaloledwa kukoka mpaka mawati 88. Tinene kuti kutenthako kukudutsa pamalo a mamilimita 30 uku ndi 30 uku, ndipo paste yanu ndi ya 5 W/mK. Madigiri otayika amapezeka pochulukitsa mawati ndi kuchindikala kwa paste, n'kugawa ndi W/mK wochulukitsidwa ndi kukula kwa malowo. Paste ikakhala yopyapyala mamilimita 0.05, mumataya digiri imodzi yokha. Ikachindikala kufika mamilimita 0.5, mumataya pafupifupi 10. Koma pakangotsala mpweya wa mamilimita 0.05 paliponse, masamu akupereka madigiri opitirira 180, kutanthauza kuti purosesa imafika pamalire ake nthawi yomweyo. Kunena zoona manambalawa amakula kuposa apa, poti kutentha kumachokera pa kamalo kakang'ono osati pachivundikiro chonse, koma chithunzi chake ndi chomwecho. Onaninso kuti mukagula paste ya 10 W/mK m'malo mwa ya 5, pa masamu athuwa mwapulumutsa theka la digiri.

Chomwe chimapangitsa paste kupyapyala ndi mphamvu yomwe heat sink ikukanikiza nayo. Wraith Stealth ili ndi masikuluwu anayi okhala ndi masipuling'i, ndipo amalowa m'chitsulo cha kuseri kwa bolodi, backplate. Chitsulo chimenecho sichimatidwa, chimangogwiridwa ndi masikuluwu omwewo. Mukamasula heat sink kompyuta ili chiimire, chimatsetsereka kapena kugwera kumbuyo. Ndiye pobwezera, munthu amamanga sikuluwu yoyamba mpaka kumapeto, heat sink n'kupendekera mbali imeneyo, sikuluwu ya kona inayo n'kumangozungulira m'mwamba osaluma. Poyang'ana pamwamba zonse zimaoneka ngati zili bwino. Ndikuganiza kwambiri kuti ndi zomwe zachitika kwanuko.

Mukamasula, musafulumire kupukuta. Yang'anani kaye momwe paste yadindikira pansi pa heat sink ndi pa purosesa. Ikakhala yopyapyala mofanana paliponse, chitsulo n'kumaonekera pansi pake, kagonedwe kanali bwino. Ikakhala yopyapyala mbali imodzi, mbali inayo yaunjikana ngati matope, ndiye umboni wake ndi umenewo.

Mayi wa Mawaya wayankha:

Zomwe anena a Mkonzi ndi zoona, ine ndingowonjezera kamasulidwe ndi kabwezeredwe, poti pa soketi ya AM4, momwe mumalowa purosesa yanuyi pa bolodi, pali msampha womwe umawonongetsa mapurosesa ambiri.

Pa AM4 mapini ali pa purosesa, ndipo soketi siigwira purosesayo mwamphamvu kwenikweni. Paste ikazizira imamata ngati guluu. Mukakoka heat sink molunjika m'mwamba, purosesa imazuka nayo limodzi kandodo kotsekera soketi kali chitsekere, mapini n'kupindika. Ndiye yambani mwayatsa kompyuta mphindi zisanu kapena khumi kuti paste ifewe. Zimitsani, zulani chingwe cha magetsi, dinani batani loyatsira kamodzi kuti magetsi otsalira athe. Gonekani kesi chagada kuti bolodi iyang'ane kumwamba, ndipo tsegulani chitseko chakuseri kuti muthe kugwira backplate ndi dzanja. Masulani masikuluwu pang'onopang'ono modumphadumpha, kenako potokolani heat sink kumanja ndi kumanzere mpaka mumve kuti yalekana ndi purosesa, ndiye muinyamule. Purosesa ikazuka nayobe, musaikanikizire m'soketi chomwecho. Ichotseni pa heat sink moitsetsereza chammbali, tsegulani kandodo, yang'anani mapini pa kuwala, gwirizanitsani kachizindikiro ka makona atatu ka golide ndi ka pa soketi. Iyenera kugweramo yokha, osakankha.

Tishu youma siichotsa mafuta a paste yakale, imangowapaka paliponse, komanso imasiya timaubweya. Gwiritsani ntchito isopropyl alcohol wa 90 peresenti kapena kuposa, ndi kansalu kosasiya ubweya. Pukutani mpaka kansalu kazituluka koyera, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri kuti paume, ndipo musakhudzenso ndi chala. Poti munapaka theka la kachubu, paste ina yatsikira m'mbali mwa purosesa. Imeneyo ichotseni purosesa ili m'soketi momwemo, ndi kathonje ka pa kamtengo konyowetsedwa pang'ono, mukukokera kunja. Mukaitulutsa purosesa paste ikadali m'mbali, mudzaigwetsera m'timabowo ta soketi, ndipo kuichotsa mmenemo ndi ntchito ina.

Heat sink ili m'manja chomwecho, yang'anani pansi pa fani. Pakatha zaka zinayi, pakati pa fani ndi zipsepse za chitsulo pamakhala fumbi lolukana ngati kansalu, ndipo poyang'ana pamwamba silioneka. N'kutheka kuti madigiri 88 oyamba aja anachokera pamenepo, paste yakaleyo inalibe mlandu. Chotsani ndi burashi yofewa kapena mpweya wopopera. Popopera, gwirani mapiko a fani ndi chala asazungulire, chifukwa fani yozungulitsidwa mopitirira muyeso imawononga bering'i yake.

Popaka, ikani dontho limodzi pakati, la mamilimita 4 kapena 5 m'mimba mwake. Kachubu ka magalamu 4 kamakwana kupaka kopitirira kakhumi, ndiye onani nokha kuchuluka kwa yomwe munaikayo. Tsitsani heat sink molunjika, ndipo ikagunda musainyamulenso. Mukainyamula mwalowetsa mpweya, muyenera kupukuta n'kuyambiranso. Dzanja limodzi likankhe backplate kuseri. Yambani ndi sikuluwu imodzi, zungulitsani kamodzi kapena kawiri kuti ingoluma, pitani pa yopingasana nayo, kanikizani sipuling'i ndi sikuludiraiva mpaka ilume, kenako ziwiri zotsalazo. Zonse zinayi zikaluma, ndiye muzimanga pozungulitsa kawiri iliyonse, motsata chilembo cha X, mpaka iliyonse itaima yokha. Masikuluwu amenewa ali ndi polekezera, musawakakamize kupitirira pamenepo. Mukamaliza gwedezani heat sink pang'ono, isasunthe ngakhale pang'ono.

Chingwe cha fani chilowe pa CPU_FAN, osati pa CHA_FAN kapena SYS_FAN. Ndi cha mapini anayi, ndiye mu BIOS, pulogalamu ya bolodi yomwe mumalowamo kompyuta ikamayaka, muone kuti pali PWM kapena Auto. Ndipo kwa ena owerenga amene agula heat sink yatsopano: pansi pake pamakhala kapulasitiki koonekera mkati. Kochuluka kamaiwalika pomwepo, ndipo zizindikiro zake ndi zomwezi za a Njenjete.

Kadzidzi wayankha:

Pa nkhani ya kuchuluka kwa paste ndisiyane pang'ono ndi a Mkonzi. Masamu awo ndi olondola, koma munthu angawamve ngati kuchulutsa paste ndiye tchimo lalikulu. Heat sink ikamangidwa bwino, paste yotsala imafinyidwira kunja yokha, ndipo yotsala pakati imakhala yopyapyala chimodzimodzi, kaya munaika dontho kaya supuni. Zomwe mumapeza ndi uve m'mbali basi. Kuchepetsa ndiye koopsa kuposa, chifukwa makona amatsala ouma. Pa Ryzen 3600 zimenezi n'zofunika, poti pansi pa chivundikiro palibe chip imodzi pakati ngati mapurosesa akale. Pali tiwiri: kena ka ma core (timagawo togwira ntchito yowerengera), kokula mamilimita 74 okha a sikweya, kali chakumbali, ndi kena ka I/O kolumikiza purosesa ndi zipangizo zina. Ndiye amene akuopa kuti dontho silifika paliponse aike chilembo cha X chopyapyala, kapena dontho pakati ndi timadontho tinayi tating'ono chakumakona, kapena ayale yopyapyala ndi kakhadi ka pulasitiki. Njira zonsezi zimasiyana pang'ono kwambiri. Pa mapurosesa otalika ngati a Intel a LGA1700, omwe ndi mamilimita 37.5 uku ndi 45 uku, dontho limodzi lozungulira silifika kumapeto, mzere kapena madontho angapo ndiye bwino.

Liquid metal iiwaleni. Imapangidwa ndi gallium, ndipo gallium imadya aluminiyamu, imalowerera m'chitsulo mpaka chimafumbutuka. Wraith Stealth ndi aluminiyamu yokhayokha pansi pake. Komanso imadutsitsa magetsi, kadontho kamodzi kakagwera pa bolodi mwaotcha zinthu. Malo ake ndi pa mkuwa kapena nickel, m'manja mwa munthu wodziwa kutchinga tizipangizo tozungulira. Mankhwala otsukira mano ali ndi madzi ambiri. Maola oyamba angaoneke ngati akugwira chifukwa athamangitsa mpweya, koma akauma amasweka n'kusanduka ufa, ndipo mwabwerera pomwe munali, mwinanso ndi dzimbiri. Paste wamba yosadutsitsa magetsi ya kampani iliyonse yodziwika, Arctic, Noctua, Thermal Grizzly, Cooler Master, ikukwanirani. Manambala a W/mK a pamachubu musawakhulupirire kwambiri poyerekeza makampani awiri, poti aliyense amayeza mwa njira yake, ndipo ena analeka n'kuwalemba komwe.

Chinanso, mukakonza musayembekezere kuona madigiri 30. Ma Ryzen a m'badwo umenewu amaonetsa kutentha kodumphadumpha ngakhale kompyuta ili phee: 40, kenako 55, kenako n'kutsikanso. Chifukwa chake n'choti core imodzi imadzuka mwadzidzidzi kufika 4.2 GHz pa kantchito kakang'ono, ndipo kachip kaja n'kakang'ono, kutentha kumaunjikana pamodzi. Mu HWiNFO yang'anani Tctl/Tdie, mzere woonetsa kutentha kwa purosesa, ndipo muzitsata avereji osati nambala yapamwamba. Malire a 3600 ndi 95, ikafika pamenepo imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse, n'chifukwa chake vidiyo yanu ikuchedwa. Poyesa, yendetsani Cinebench, pulogalamu yopatsa purosesa ntchito yolemera, mphindi 10 ndipo lembani kutentha kwa m'chipindamo. Chipinda chikatentha ndi madigiri 5, purosesa nayonso imakwera ndi pafupifupi 5, ndiye osayerekeza manambala a m'mawa ndi a masana.

Njenjete wayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Ndinayesa kukhudza, heat sink inali yofunda pang'ono chabe. Nditamasula ndapeza ndendende zomwe ananena a Mkonzi: sikuluwu ya kona yakumunsi kumanja sinalume, ndipo paste inali yopyapyala kumtunda, kumunsi itaunjikana osafinyika n'komwe, mizere ya momwe ndinaipakira ikuonekabe. Pansi pa fani panalinso fumbi lochindikala loti ndalisenda lathunthu ngati chikopa. Ndapukuta ndi isopropyl, ndaika dontho limodzi, ndamanga mwa X nditagwira backplate. Tsopano ikangokhala ili pa 42 mpaka 50, ndipo pa Cinebench ikukwera pang'onopang'ono n'kuima pa 81.

Mafunso awiri otsala. Kodi 81 ndi yabwino, kapena ndifunefune heat sink ina? Nanga paste imasinthidwa pakapita nthawi yaitali bwanji? Ndikufunsa chifukwa pali laputopu yomwe nayonso ikutentha, ndipo ndikufuna kuichita chimodzimodzi.

Mkonzi wa Mabolodi wayankha:

Pa Wraith Stealth, 81 pa Cinebench ndi pomwe imayenera kukhala, purosesa siionongeka nayo. Musanaganize zogula, chotsani chitseko cha m'mbali mwa kesi n'kuyesanso. Kutentha kukatsika ndi madigiri opitirira 5, ndiye kuti heat sink ikupuma mpweya wake womwe wotentha, ndipo chofunika ndi fani ya kesi, imodzi yolowetsa kutsogolo ndi ina yotulutsa kumbuyo. Pa chimango cha mafani ambiri pali timivi tosonyeza komwe mphepo ikupita. Ngati palibe, mphepo imatulukira mbali yomwe kuli timiyendo togwira mota. Njira ina yaulere ndi Eco Mode mu BIOS kapena mu pulogalamu ya Ryzen Master, yomwe imatsitsa malire aja kuchoka pa mawati 88 kufika pafupifupi 60. Liwiro limatsika pang'ono, kutentha n'kutsika kwambiri.

Mukafuna bata, heat sink yoimirira yokhala ndi ma heat pipe anayi ndi fani ya mamilimita 120 ikukwanirani. Heat pipe ndi kapaipi ka mkuwa kotsekedwa, kawirikawiri ka mamilimita 6, komwe anachotsamo mpweya n'kuikamo timadzi pang'ono. Poti mulibe mpweya, timadzito timawira pa kutentha kochepa, nthunzi n'kuthamangira kumtunda kozizira, kusandukanso madzi, n'kubwerera pansi kudzera mu ufa wa mkuwa womatidwa m'makoma a kapaipiko. N'chifukwa chake kapaipi kobooka kapena kophwanyika sikagwiranso ntchito. Yezani kaye kesi yanu: zambiri zotere ndi zazitali mamilimita 150 mpaka 160, ndipo fani yake imatha kugunda RAM yaitali.

Paste siisinthidwa potsata kalendala. Pa kompyuta ya pa desiki imatha zaka zingapo. Isintheni mukachotsa heat sink pa chifukwa chilichonse, kapena mukaona kuti kutentha kwakwera pomwe fumbi mwachotsa ndipo fani ikuzungulira bwino.

Mayi wa Mawaya wayankha:

Laputopuyo musaichite chimodzimodzi, pali zosiyana. Choyamba zulani chingwe cha batire pa bolodi musanakhudze china chilichonse, chifukwa laputopu yozimitsa imakhalabe ndi magetsi.

Mu laputopu mulibe chivundikiro chija, heat sink imagona pa silikoni weniweni, wonyezimira ngati kalilole. Pamenepo dontho losafika kumakona n'loopsa, poti palibe mkuwa womwaza kutentha, ndiye yalani paste yopyapyala pa kachip konse, m'mbali monse mufike. Silikoni amathetheka m'makona mukapendeketsa heat sink, choncho tsatani manambala olembedwa pambali pa masikuluwu, 1, 2, 3, 4, pomanga, ndipo pomasula muyambire kumapeto.

Vuto lina ndi lomwe amati pump-out. Silikoni ndi mkuwa zimafutukuka mosiyana zikatentha, ndiye laputopu ikamatentha n'kuzizira tsiku ndi tsiku, zitsulozo zimakhala ngati zikupuma, n'kumakankhira paste kunja pang'onopang'ono. Paste yamadzimadzi imaoneka yabwino sabata zoyamba, pakapita miyezi ingapo pakati pauma. Sankhani yolimba, yovuta kuyala, kapena kapepala kosungunuka ngati PTM7950 ya Honeywell, komwe kamafewa pa madigiri pafupifupi 45 n'kulimbanso kakazizira. Kameneko mumadula molingana ndi kachip, n'kusenda timapulasitiki ta mbali zonse ziwiri, ndipo kamafika pogwira bwino laputopu ikatentha n'kuzizira kangapo.

Mudzapezanso timaphedi tofewa pa tizipangizo tozungulira purosesa. Musatitaye, ndipo musaike paste m'malo mwake, poti mpata wake ndi waukulu. Kena kakang'ambika, kolowa m'malo kakhale kochindikala mofanana, kaya ndi mamilimita 0.5, 1 kapena 1.5. Mukaika kochindikala kuposa, kamanyamula heat sink yonse kuti isagunde purosesa, ndipo mudzaonanso 95 yomwe ija masekondi khumi asanakwane. Jambulani chithunzi musanachotse kalikonse, ndipo fumbi lake muliyang'ane pakati pa fani ndi zipsepse za potulukira mphepo, fani mutaichotsa.